Bodza Loyamba la Mwana wa a Makiyi

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa chiphaso pokha. Anthu onse a mumsewu uja, ngakhale akazi awo akakwiya, ankawatcha a Makiyi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi kashopu ka mafoni, m'kachipinda koti munthu wamtali sangaimemo chowongoka. Munali makina odulira makiyi, tupa, bolodi lokhomedwa misomali lopachikapo makiyi osadula, ndi mpando umodzi wa miyendo yosalingana. Anthu akamakwera masitepe fumbi linkawagwera mu tiyi, koma anasiya kalekale kudandaula. Ankangovundikira kapu ndi kasosala.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo ali mnyamata. Amalumewo sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo malamulo awo anali awiri okha: wodula makiyi asamaulule za makomo a eni, komanso asamaname. A Makiyi anawatsatira malamulowo mpaka analowa m'magazi. Mumsewu monse ankadziwika kuti ndi munthu woti ungamusiyire kiyi wa nyumba yako n'kupita ulendo mtima uli m'malo.

Anakwatira mochedwa, mwana naye n'kuchedwa. Pamene kamtsikana kankabadwa n'kuti imvi zitayamba kale kutuwa m'ndevu zawo. Akazi awo ankachapa ndi kusita ku hotelo ina, kuchoka m'mamawa kubwera dzuwa litapendeka. Choncho mwanayo atakwana zaka zitatu, m'mawa ankapita ku sukulu ya mkaka ya kuseri kwa msewu, masana bambo ake n'kukamutenga kudzakhala naye pansi pa masitepe, pa katoni, pafupi ndi mapazi awo.

Anali mwana wapakamwa. Mayi wa mafoni ndiye anamupatsa dzina loti Wailesi, poti chilichonse chimene waona ankachiulutsa pompopompo. Poyamba zinkaseketsa. Tsiku lina a Makiyi anagulira akazi awo nsapato, n'kuzibisa pamwamba pa kabati kudikira tsiku lawo lobadwa. Anagwada n'kumugwira mwanayo mapewa.

"Usawauze amayi. Wamva?"

"Ndamva."

Madzulo chitseko chitangotseguka, Wailesi anathamanga manja ali m'mwamba. "Amayi! Sindikuuzani za nsapato zili pamwamba pa kabati!"

Zimenezo anaseka nazo onse. Koma patapita milungu iwiri a Makiyi kuseka kunawathera. Kunabwera munthu wachilendo kudzadulitsa kiyi wa loko wa njinga, ndipo makina akulira, anamva mwana wawo akumufotokozera mlendoyo bwinobwino kuti kiyi wa kwawo amakhala pansi pa njerwa ya pakhomo, yachiwiri kuchokera pa mpopi. Mlendo atachoka, anazimitsa makina n'kumukhazika mwanayo pa mpando.

"Iwe, za njerwa ija ndi chinsinsi."

"Chinsinsi n'chiyani?"

"Chinthu chimene iwe ukudziwa koma ena sakuchidziwa."

"Akuchidziwa."

"Sakuchidziwa."

"Chili pansi pa njerwa," anatero Wailesi, akuwayang'ana ngati iwo ndiwo akuvuta kumva. "Akuchidziwa."

Anayesa njira ina, n'kuyesanso ina, koma ankangobwerera pomwepo. Kwa mwanayo, chinthu chikakhala pansi pa njerwa ndiye kuti dziko lonse likudziwa kuti chili pansi pa njerwa. Nawonso masewera obisalirana ankatero: ankaima pakati pa khonde n'kuphimba maso ndi manja, kenako n'kudabwa kuti amupeza bwanji. A Makiyi anayamba kuda nkhawa mwakachetechete. Kodi kubereka atakula n'kumene kunachititsa? Mwana wodziwa nyimbo zonse za pa wailesi, wowerenga mpaka makumi awiri, angalephere bwanji kanthu kakang'ono chonchi?

Anakafunsa aphunzitsi ake. Anali mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe, yemwe anakhala ndi ana aang'ono zaka zambiri moti ankayankhula ndi aliyense modekha ngati akumuvula juzi yothina.

"Musade nkhawa, bambo," anatero mayiwo. "Sanafikepo. Adzafika."

"Adzafika kuti?"

"Mudzaona."

A Makiyi anabwerera osakhutira. Sukulu imeneyo inkawasokoneza kale. Akapita kukatenga mwana sankapeza aliyense akulemba zilembo. Ankapeza ana akuthira mchenga m'makapu, wina atakhala m'katoni akuti ndi basi, wina akugulitsa timiyala akuti ndi maswiti, aphunzitsi n'kumagula n'kumatafuna mphepo. Kiyi wa kunyumba anamuchotsa pansi pa njerwa n'kumayenda naye m'thumba, za aphunzitsiwo n'kungozisiya.

Chaka chinatha. Wailesi anakwana zaka zinayi, miyezi ina n'kudutsa. Ndiyeno Lachisanu lina masana kunabwera namwino atavala kale yunifolomu, akuthamangira ku ntchito. Anali ndi kiyi mmodzi yekha wa chipinda chake ndipo ankafuna wina woti apatse mng'ono wake. Pa mphete ya kiyiyo panali kabelu kakang'ono kofiira. A Makiyi anamuika kiyiyo pa kauntala, n'kutembenuka kukafuna wosadula wofanana naye pa bolodi. Namwinoyo anasuzumira ku shopu ya mafoni kufunsa za chaja. Potembenuka, pa kauntala panalibe kanthu.

Anasuntha kapu, anakweza kasosala, anagwedeza nsanza yopukutira. Palibe.

"Wailesi, kiyi anali apa wamuona?"

Mwanayo anali pa katoni yake akujambula. Anakweza mutu, nkhope ili bwinobwino. "Wagwa," anatero. "Wagwera umo." Analoza ngalande ya m'mphepete mwa khonde, yovundikiridwa ndi zitsulo zokhala ndi mipata.

Sanakayike ngakhale pang'ono. Mwana ameneyu chibadwire anali asananenepo chinthu chimene sanaone. Anamanga maginito ku waya n'kugwada pa khonde, bambo wa imvi, matako kumwamba, anthu akuwalambalala. Anavuula misomali, tizitsekero ta mabotolo, supuni yadzimbiri. Wa mankhwala anabwera ndi tochi. Namwino ankangoyang'ana wotchi, mawu ake akukwera pang'onopang'ono mpaka anafika poti onse a pamasitepe ankamva.

"Anthu amakutamandani kuti ndinu okhulupirika! Ine ndilowa bwanji m'nyumba?"

Patatha ola lathunthu anagonja. Anasiya mwana kwa mayi wa mafoni, n'kupita ndi namwinoyo kukatsegula chitseko chake ndi zida, n'kumuikira loko watsopano wa m'shelefu yawo. Chiyambire ntchito anali asanatayepo kiyi wa munthu.

Madzulo ali pa mpando kunyumba akupukuta matope m'mawondo a thalauza, anamva akazi awo akuitana kuchokera ku bafa.

"Bambo a mwana, tabwerani mudzaone."

Wailesi anaima pafupi ndi beseni, nsapato imodzi ili kumbali. Mayi ake anali atamuvula sokosi, ndipo m'dzanja mwawo munali kiyi wa kabelu kofiira.

A Makiyi anayang'ana kiyiyo, kenako mwanayo.

"Iwe... unati wagwera mu ngalande."

Mwanayo anayang'ana madzi.

"Unamuona akugwa?"

"Ayi."

"Nanga unaneneranji?"

"Kuti muziyang'ana uko," anatero motsitsa mawu, "musayang'ane kuno." Analoza phazi lake. "Ndinakapanikiza ndi chala kuti kasalire."

Akazi awo anatulutsa kaphwete kamodzi, n'kudzigwira pakamwa ataona nkhope ya amuna awo. A Makiyi anakweza dzanja, koma dzanjalo linangoima m'malere losadziwa kopita, mpaka analitsitsa n'kudzikanda nalo m'mutu. Anatuluka panja. Chimene chinkawaopsa si kabelu, poti mwana aliyense amasirira zonyezimira. Chinkawaopsa n'choti kamwana kaja kanawayang'ana m'maso, n'kudziwa kuti akakhulupirira, n'kuwasankhira malo oti akagwade. Chaka chathachi sankatha kubisa ngakhale nsapato. Nzeru imeneyi anaitenga kuti?

Loweruka ndi Lamlungu anakhala akuisinkhasinkha, ndipo yankho analipeza: ku sukulu. Kumene katoni amaitcha basi, miyala n'kukhala maswiti, aphunzitsi eni ake n'kumatafuna mphepo, mwana angaphunzireko chiyani china kupatula kunama? Lolemba sanatsegule kachipinda kawo. Anamugwira Wailesi pa dzanja mpaka m'kalasi, n'kuwayalira aphunzitsi nkhani yonse ataimirira, chipewa chili m'manja.

Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa, "Analoza yekha ngalande? Palibe anamuuza?"

"Yekha!"

"Ndiye wafika," anatero, ndipo a Makiyi anaona ndi maso awo kuti mayiwo akubisa kumwetulira.

"Mayi, ine ndikukuuzani kuti mwana wanga waba ndipo wanama, inu mukusangalala?"

"Sindikusangalala ndi bodzalo. Takhalani pansi, ndikuonetseni kanthu."

Mpando umene unalipo unali wa ana. Anakhala mawondo ali pachifuwa. Aphunzitsi anatuma Wailesi kukasewera panja, n'kutenga bokosi la mabisiketi pa shelefu, lokhala ndi chithunzi cha mabisiketi pamwamba. Anaitana kamtsikana kena ka zaka zitatu, ka riboni m'tsitsi.

"Muno muli chiyani?"

"Mabisiketi!"

Anatsegula. Munali mabatani a zovala okhaokha. Kamtsikanako kanasuzumira, milomo n'kugwa. Aphunzitsi anatsekanso bokosi.

"Agogo ako akabwera kudzakutenga, akaona bokosili lili chotseka, adzati muli chiyani?"

"Mabatani."

"Nanga iwe poyamba paja unati muli chiyani?"

"Mabatani."

"Aaa, wanama!" a Makiyi analephera kudzigwira. "Ndamumva ndi makutu anga, anati mabisiketi!"

"Sananame," anatero aphunzitsi, kamtsikanako katabwerera ku mchenga. "Uyu kunama sanayambe kukutha. Zimene akudziwa panopa, kwa iye ndi zimene aliyense akudziwa, ndiponso ndi zimene iye wakhala akudziwa chiyambire. Sanazindikire kuti munthu akhoza kukhala ndi ganizo lolakwika m'mutu, ngakhale iye mwini."

Anaitana Wailesi. Nayenso anati mabisiketi, nayenso anaona mabatani. Koma atafunsidwa kuti amayi ake adzati muli chiyani, maso ake anawala.

"Adzati mabisiketi!" Anaseka, n'kunong'ona: "Tisawauze. Adzatsegule okha."

A Makiyi anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana ka riboni kaja, n'kuyang'ana bokosi. Mutu wawo unaima.

"Tsono mundithandize," anatero pang'onopang'ono. "Amene wayankha zolakwika uja si wabodza. Amene wayankha zolondola uyu ndiye wabodza."

"Eya."

"Ndiye ndimuyamikire?"

"Ayi."

"Ndimukwapule?"

"Ayinso. Chaka chatha munabwera kudandaula kuti sasunga chinsinsi. Tsopano atha kusunga. Kusunga chinsinsi ndi kunama zimabwera pamodzi, chifukwa zonse zimafuna kuti mwana adziwe kuti za m'mutu mwake si za m'mutu mwanu. Masewera mumawaona ngati achibwana aja amathandiza zimenezo. Akakhala wogulitsa, mnzake wogula, amayesa kuganiza ngati munthu wina."

"Ine ndinkafuna chimodzi chokha."

"Sizibwera chimodzi, bambo. Koma kumvera ena chisoni nakonso kumadalira pomwepo. Musamutche wakuba. Mupite naye akabweze yekha kiyiyo, akamve kwa mwini wake zimene zinachitika chifukwa cha iye. Chaka chatha sakanamvetsa. Pano amva."

Anapita Lachitatu, namwino ali pa tchuthi. Wailesi anapereka kiyi ndi manja awiri, n'kunena pepani wa pansipansi. Namwinoyo ananjuta n'kumuuza kuti tsiku lija anachedwa ku ntchito, mnzake amene ankayenera kuweruka anakhalabe, ndipo mwana wa mnzakeyo anadikira amayi ake pageti la sukulu anzake onse atapita.

"Analira?" anafunsa Wailesi.

"Analira."

Chibwano cha mwanayo chinayamba kunjenjemera. Namwino anamumvera chisoni, n'kuchotsa kabelu pa mphete kuti amupatse. Apa a Makiyi anasowanso pogwira. Akalola, ndiye kuti bodza labala mphatso. Akakana, ndiye kuti chilungamo chabala misozi. Anakana. Mwana analira njira yonse, iwo akumukoka pa dzanja, ndipo mpaka lero sadziwa ngati anachita bwino.

Kuyambira pamenepo anadzipatsa ntchito yomuphunzitsa kusiyana kwa chinsinsi ndi bodza. Ankaona ngati n'zosavuta, poti iwo anakhala nazo zonse ziwiri moyo wawo wonse. Chinsinsi n'kukhala chete, bodza n'kunena zimene si zoona. Wailesi ankavomera ndi mutu, kenako n'kubwera ndi mafunso oti iwo ankatuluka nawo thukuta. Nanga munthu akaloza chabe osayankhula? Nanga pobisalirana, akaika nsapato kuseri kwa katani iye n'kubisala pansi pa bedi? Nanga aphunzitsi akamati yamu yamu pa mwala? A Makiyi ankayankha limodzi, lachiwiri n'kuyatsa makina kuti phokoso liwapulumutse.

Tsiku lina kunabwera bambo wonenepa wa sitolo ya matayala, nkhope ili gwaa. Anatsamira pa kauntala n'kufunsa ngati mlamu wake, wamtali wa chipsera pa chibwano, anabwerako sabata yatha kudzadulitsa kiyi wa geti.

"Sindikukumbuka," anatero a Makiyi osakweza mutu. "Anthu amabwera ambiri."

Bamboyo anang'ung'udza n'kumapita. Kenako mawu anachokera pa katoni.

"Adadi, mukukumbuka."

"Chiyani?"

"Wa chipsera uja. Munati kiyi wake ndi wovuta. Munadula kawiri." Sankawatsutsa mwaukali, ankangofuna kudziwa. "Chimenecho ndi chinsinsi kapena bodza?"

Tupa inaima m'dzanja. Mawu akuti sindikukumbuka anawanena kwa amuna okayikira akazi awo, kwa eni nyumba, kwa apongozi, mwina kawiri pa mwezi kwa zaka zonsezo, ndipo sanawaonepo ngati bodza. Kwa iwo anali ngati kutseka chitseko basi. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti izi ndi za akuluakulu, koma mwanayo anali akudikira, pensulo ili m'kamwa, ndipo anaona kuti yankho limenelo nalonso likhala lokhota.

"Ndi bodza," anatero pomaliza. "Koma ndimafuna kusunga chinsinsi cha munthu."

"Ndiye ndi labwino?"

"Sindikudziwa, mwana wanga."

Atawauza akazi awo madzulo, iwo anangoti, "Mwapeza woyang'anira ntchito." Koma a Makiyi sanaseke. Mawa lake anakapeza bambo wa matayala uja n'kumuuza kuti dzulo sanayankhe bwino: kukumbuka amakumbuka anthu onse, koma za makasitomala sanena kwa wina aliyense. Bamboyo anawanyoza kuti akubisa mbava, ndipo makiyi ake anayamba kukadulitsa ku msika. Enanso awiri atatu anachoka chimodzimodzi m'miyezi yotsatira, poti anthu amapirira munthu woiwala kusiyana ndi munthu wowakaniza maso ndi maso. A Makiyi anapitiriza kuyankha mwatsopanomo, ngakhale masiku ena ankadzifunsa ngati sanangodzionjezera adani chifukwa cha funso la kamwana ka zaka zinayi.

Wailesi tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali ku sukulu ya pulayimale ya yunifolomu ndi chikwama. Kuba sanabenso. Kunama amanama apo ndi apo, makamaka pa nkhani yotsuka mano, ndipo akagwidwa amavomera msanga. Bambo ake amati mwanayo samumvetsa kwenikweni, ndipo akamatero amaoneka ngati munthu wodandaula ndi wonyadira nthawi imodzi.

Mwezi wathawu mayi ake anapita ku saluni Loweruka, n'kubwerako ndi tsitsi lachilendo, lofiirira, lotukuka kutsogolo ngati chisa. Anakhalako maola anayi. Analowa m'nyumba akumwetulira, n'kuzungulira kamodzi pakati pa balaza.

"Nanga bwanji? Landikhala?"

Wailesi anayang'ana tsitsilo nthawi yaitali. Anayang'ana nkhope ya amayi ake yodikira. Kenako anatembenukira kwa bambo ake n'kupinda manja.

"Adadi, yambani ndinu."

A Makiyi anakhosomola. Anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana pansi, maso awiri akuluakulu ndi awiri aang'ono ali pa iwo.

"Lakale lija ndinalizolowera," anatero.

Akazi awo sanawayankhule mpaka Lolemba.